Masiku 16 pa nyanja ya Barents, chifukwa cha asodzi a kwathu

Tromsø, 8 Julayi

Nthawi ili 11 koloko usiku koma kunja kukuwala ngati 5 koloko madzulo kwathu. Kuno miyezi ino dzuwa sililowa. Limatsikira chakumpoto, kuyandikira nsonga za mapiri, n'kuyambanso kukwera, ndipo kumene tikupitako lidzachita zomwezo mpaka chakumapeto kwa Ogasiti. Ndiye ndikamati usiku m'zolemba zino, dziwani kuti ikunena choncho ndi wotchi yokha.

Mawa tinyamuka. Tilipo anayi. Boti lathu ndi lotalika mamita 8 ndi theka, lilibe injini, lilibe thanga. Kutsogolo ndi kumbuyo kuli tizipinda totsekeka bwino, tongokwana kugonamo, ndipo pakati ndi pamene pali mipando iwiri yopalasira. Tikulowera ku Longyearbyen, tauni ya pa chilumba cha Spitsbergen ku Svalbard, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kumpoto kwa kuno. Otitsogolera ndi mayi a konkuno ku Norway, mwana wa msodzi, tonse timangowati a Kaputeni. Iwo amapalasa ndi mtsikana wina, namwino. Ine ndimapalasa ndi mkulu wina wa ku Fife, ku Scotland, mmisiri wa matabwa wa zaka 59. Ndinawapatsa dzina loti Madala ndipo analikonda. Iwo amanditi achimwene.

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti mwana wa ku Nkhotakota akufunanji kumalo ozizira chonchi. Zaka 11 zapitazo, mwezi ngati uno, achimwene anga anapita ku kauni. Anali siginala, munthu uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa kuti anzake auzinge ndi chilimira. Mwera unawapeza pakati pa usiku. Bwato linapezeka patapita masiku awiri litagadabuka, eni ake sanapezeke mpaka lero. M'manda tinaikamo malaya awo ndi nkhafi. Kusambira ankatha kuposa aliyense pa doko lathu, koma palibe munthu amene angasambire usiku wonse m'mafunde a mwera. Akanakhala ndi jekete yoyandamitsa, bwenzi kutacha ali pamwamba pa madzi, anzawo n'kuwaona.

Ndalama zonse zimene mukusonkha ndi zogulira majekete amenewo. Tikufuna 400, ndipo adzaperekedwa kudzera m'makomiti a m'madoko, ma BVC aja. Za ulendowu, boti, chakudya, matikiti, tinalipira tokha ndi thandizo la anzathu ena, sizikhudza thumba limenelo.

Masana ndinapita kukaona chiboliboli cha Roald Amundsen m'tauni muno, munthu amene anayamba kufika ku South Pole mu 1911. Pa 18 Juni 1928 ananyamuka kuno pa ndege kukafunafuna gulu la Umberto Nobile limene linachita ngozi kumpoto kwa Svalbard, ndipo ndegeyo inasowa pa nyanja yomweyi tikufuna kuwolokayi. Mtembo wake sunapezeke. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu.

Amayi pa foni sanandiletse. Ndinawafotokozera kuti m'boti muno aliyense amadzimanga ndi chingwe. Anakhala chete, kenako anati, "Nyanja inanditengera mmodzi. Iwe chingwecho usamasule."

Tsiku 1, 9 Julayi

Tachoka pa doko 7 koloko m'mawa, madzi ali bata. Tsiku lonse tapalasa pakati pa zilumba, mapiri mbali zonse, ena akadali ndi chipale chofewa pamwamba.

Kwathu m'bwato umayang'ana kumene ukupita, nkhafi imodzi m'manja, ndipo mphamvu imachokera m'mapewa ndi m'chiuno. Muno umakhala chafutambuyo, nkhafi ziwiri zazitali, mpando umayenda pa timawilo, ndipo ntchito yaikulu imagwira ndi miyendo. Ndinaphunzira kupalasa chafutambuyo ku Scotland, m'maboti a matabwa otchedwa St Ayles skiff, amene anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amakhoma okha chiyambire 2009. Ndikaweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinkapita kumeneko chifukwa ndinkasowa madzi. Madala tinadziwana komweko. Zaka zinayi zapita koma mpaka pano khosi limafunabe kucheuka kuona kutsogolo.

Dongosolo ndi losavuta kulinena. Awiri apalasa maola awiri, awiri apuma maola awiri, usana ndi usiku, mpaka tikafike. M'maola awiri opumawo ndi momwe umavula, kudya, kusamalira zilonda, kugona, kuvalanso. Tulo tenitweni timakhala ta ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Tsiku 2, 10 Julayi

Tadutsa nsanja ya nyali yotsogolera sitima ya ku Torsvåg cha m'ma 3 koloko masana. Kuchokera pamenepo palibenso chotitchinga. Norway yayamba kuchepa pamaso pathu, poti ife timayang'ana kumbuyo, ndipo ndaiona ikumira pang'onopang'ono mpaka kutsala mzere wabuluu.

Mafunde a kuno ndi aatali, amabwera mwaulesi ngati zitunda, kukunyamula, kukutsitsa. A mwera ndi aafupi, othinana, amamenya motsatizana. Mimba yanga inazolowera a mwerawo. Ndasanza kanayi.

Tsiku 3, 11 Julayi

Mseru ukadalipo. Ndikupalasa, kusanza, kupalasanso. Namwino wandimata kamankhwala kuseri kwa khutu ndipo akundiwerengera makapu a madzi. Chimene chikukhala m'mimba ndi mtedza wokazinga umene amayi anatumiza, basi.

Tsiku 4, 12 Julayi

Lero ndadzuka ndi njala, chizindikiro choti thupi lagonja, lavomera nyanja. Ndiye ndikuuzeni mmene tikukhalira.

Ikatsala mphindi 10 kuti tisinthane, amene ali pankhafi amagogoda chitseko. Umadzuka m'kachipinda kotalika mongokwana kukhala tsonga, denga likudontha thukuta la mpweya wathu womwe. Zovala za dzulo sizinaume, ndipo sizidzauma mpaka tikafike. Umavala malaya a ubweya, juzi, kenako chijasi ndi buluku zosalowa madzi, masokosi awiri, majombo, magulovu. Chomaliza ndi jekete yoyandamitsa ndi lamba wake. Usanatulutse ngakhale phazi limodzi, umakola kaye chingwe chako ku waya amene anayalidwa m'mbali mwa boti. A Kaputeni ananena tsiku loyamba kuti pa china chilichonse tikhoza kukambirana, koma pa chingwe ayi. Madzi a kuno munthu akagweramo, zala zimaleka kugwira pa mphindi zochepa, ndipo boti lopalasa silingabwerere msanga kukamutola ngati mphepo ikulikankha.

Chakudya ndi cha m'mapaketi, chouma ngati utuchi, umathira madzi otentha n'kudikira chifufume. Tikuyesetsa kudya chochuluka kawiri kuposa cha kumtunda, komabe malamba ayamba kukhwepa. Madzi akumwa timasefa a m'nyanja momwemu ndi makina ochotsa mchere, oyendera mabatire amene amatchajidwa ndi masola a padenga. Chimbudzi ndi ndowa, ndipo mnzako amangoyang'ana kumbali. Manyazi anatha tsiku lachiwiri.

M'manja matuza aphulika kale, atatu kumanja, awiri kumanzere. Ukadzuka zala zimakhala zitapindika ngati zikugwirabe nkhafi, umachita kuziwongola chimodzichimodzi pa bondo. Mphindi 5 zoyamba zimapweteka zedi, kenako manja amachita dzanzi, ntchito n'kumayenda.

Tsiku 5, 13 Julayi

Mphepo ikuchokera kummwera chakumadzulo, ikutikankha bwino. Pansi pathu palinso mtsinje wa madzi ofundirapo ochokera ku Atlantic amene amayenda kulowera kumpoto, ndi omwewa amachititsa kuti nyanja ya kumadzulo kwa Svalbard isaundane ngati madera ena a kumtunda kuno. A Kaputeni anakonza njira yathu kuti tiziyenda pamsana pa madzi amenewa.

Cha m'ma 2 koloko usiku, dzuwa lili psuu kumpoto, ndinamva kupuma kwakukulu kumanzere kwanga, ngati munthu watsegula mpope. Namgumi. Msana wake wakuda unatuluka, kupitirira, kupitirirabe, ngati sudzatha, kenako kachipsepse kakang'ono chakumapeto, n'kumira. Anali wamtali kuposa boti lathu kawiri. Fungo la mpweya wake linatipeza pambuyo, la nsomba zoola. Madala anasiya nkhafi, nane ndinasiya. Sitinalankhule. Ndinakulira pa nyanja, ndaonapo mvuu ndi ng'ona pafupi, koma sindinadziwe kuti m'madzi mungakhale chamoyo chachikulu chotere chimene sichikufuna kanthu kwa iwe.

Mbalame zina zotuwa, zotchedwa fulmar, zakhala zikutitsata chichokereni kumtunda. Zimauluka mapiko ali chiwongolere, kutsetsereka pamwamba penipeni pa funde, kudzadutsa pafupi ndi nkhafi n'kukuyang'ana ndi diso lakuda.

Tsiku 6, 14 Julayi

Chifunga. Chinabwera m'mawa ngati khoma, ndipo tsopano sitikuona ngakhale mamita 50. Tikuyandikira pamene madzi ofunda aja amakumana ndi ozizira ochokera kumpoto chakummawa. Mpweya wonyowa ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira umasanduka chifunga, n'chifukwa chake dera lozungulira chilumba cha Bjørnøya limakhala lophimbika nthawi zambiri m'miyezi ino. Kachipangizo kathu kakuti madzi ali pa madigiri 5.

Vuto ndi loti dzuwa likabisika, masola sagwira ntchito. Mabatire atsika, ndiye a Kaputeni alamula kuti moto wotsalawo ukhale wa zinthu ziwiri, chotisonyeza njira ndi chotionetsa kwa sitima zazikulu kuti zisatiponde. Makina a madzi tathimitsa. Tikupopa ndi mpope wa pamanja, ndipo kuti upeze malita ochepa umapopa pafupifupi ola lathunthu, ola lochotsa pa tulo tako. Chiwongolero chamagetsi nachonso tathimitsa, tikuwongolera ndi zingwe, maso pa kampasi.

Zolemba izi ndizifupikitsa masiku akubwerawa, foni ya setilaiti nayo imadya moto.

Tsiku 7, 15 Julayi

Mphepo yatembenuka, ikuchokera kumpoto. Tapalasa maola 6 n'kupeza kuti tabwerera m'mbuyo. Taponya nangula wa nsalu. Tonse tili m'kati.

Tsiku 8, 16 Julayi

Ndilembe za maola 30 apitawa pamene akadali m'mutu.

Nangula wa nsalu ali ngati ambulera yaikulu imene imatambasuka pansi pa madzi, yomangidwa ku mphuno ya boti ndi chingwe chachitali. Imagwira boti kuti liziyang'anizana ndi mafunde, lisawapatse nthiti, komanso kuti mphepo isalitengere kutali. Kuiponya inali ntchito ya ine ndi a Kaputeni, titagwada, madzi akutikhuthukira pamsana. Titamaliza tinalowa, aliyense kwake, ndi kutseka zitseko zolimba. Boti lotere likagubuduzika limadzuka lokha, bola zitseko zikhale zotseka.

Kachipinda kopangidwira munthu mmodzi tinagonamo awiri, ine ndi Madala, mapewa atagundana, titavala zipewa zolimba kuti mitu isamenye khoma. Funde likamabwera umalimva patali likulira, kenako boti limakwera, chingwe n'kukoka gwa, ndiye phokoso ngati galimoto yagunda chitseko. Mpweya ukachepa timatsegula kabowo pang'ono pakati pa funde ndi funde, n'kutsekanso msanga.

Tulo kunalibe. Ndinayamba kuwerenga zinthu zimene zandizungulira. Kumapazi kwanga kuli chovala chofiira cha labala chotseka thupi lonse, choti munthu akhoza kukhala nacho m'madzi ozizira maola ambiri. Pakhoma pali kachipangizo kachikasu, ukakadina kamalankhula ndi setilaiti, ndipo a ofesi yopulumutsa anthu ku Bodø amadziwa dzina la boti ndi pamene lili. Ku Longyearbyen kuli ndege za helikopita zodikira ntchito imeneyi. Panja pali kaboti kopopa kothawiramo, wailesi, miyuni yowombera m'mwamba. Ine pano, makilomita mazanamazana kuchokera kumtunda, nditagwa m'mavuto anthu a m'maofesi angadzuke usiku chifukwa cha ine.

Achimwene anali ndi nyali, nkhafi, ndi chigubu chodula chokapira madzi. Anzawo amene anapulumuka amati nyali za pa doko zinkaoneka.

Madala anandimva. Anafunsa chapansipansi, "Achimwene, muli bwino?" Ndinawafotokozera zonse, zimene sindinawauzepo ngakhale takhala tikupalasa limodzi zaka zinayi. Za mmene tinayendera m'gombe masiku 9 kuyang'ana m'mabango. Za alamu anga amene mpaka lero mwera ukayamba satseka chitseko msanga. Iwo anamvetsera osandidula. Kenako anandiuza za Eyemouth, mudzi wa asodzi kumene agogo awo aakazi anachokera. Pa 14 Okutobala 1881 mphepo inapeza maboti ali panyanja, ndipo asodzi 189 a m'gombe limenelo anamira tsiku limodzi, 129 a iwo a mudzi umodzi womwewo. Ena anamira pakhomo penipeni pa doko, akazi ndi ana awo akuona. Anati asodziwo anadziwa kuti nyengo siili bwino, koma anali atakhala masiku osapita panyanja, m'nyumba munalibe kanthu, ndipo boti limodzi litanyamuka onse anatsatira.

Ndinawauza kuti nkhani imeneyo ndikuidziwa ngakhale ndinali ndisanaimvepo. Kwathu a zanyengo amachenjeza pa wailesi kuti kukubwera mwera, asodzi amamva, koma mwera ukhoza kuwomba sabata yathunthu, ndipo ana sadya chenjezo. Munthu amene sanagonepo ndi njala asafulumire kunena kuti asodzi ndi osamva.

Chakumadzulo ano mphepo yayamba kufooka. Mawondo ndi msana zauma chifukwa chogona malo amodzi. Tabwerera m'mbuyo makilomita 20 ndi kanthu.

Tsiku 9, 17 Julayi

Takoka nangula 4 koloko m'mawa. Kubwerera pankhafi kunali ngati kumasulidwa.

Chilumba cha Bjørnøya tinayamba kuchimva ndi mphuno, fungo la zitosi za mbalame likubwera m'chifunga. Kenako phokoso, ngati msika wakutali. Ndiye chifunga chinang'ambika pang'ono ndipo pamwamba pathu panali thanthwe lakuda, loongoka ngati khoma, lotalika mamita mazana angapo, mutu wake uli m'mitambo. Mashelefu onse a thanthwelo anali odzaza ndi mbalame zakuda kumsana, zoyera kumimba, zitaima mothinana ngati anthu pa maliro a mfumu. Zina zinkagwa kuchokera pamwamba n'kulowa m'madzi pafupi nafe, ndipo madziwo ndi oyera moti umaziona zikuuluka pansi pa nyanja ndi mapiko omwewo. Kuno zimaswana zikwi mazanamazana. Mtengo palibe ngakhale umodzi.

Dzina la chilumbachi limatanthauza chilumba cha chimbalangondo. Anachitcha choncho ndi gulu la Willem Barentsz, wa ku Netherlands, mu 1596, atapha chimbalangondo choyera pafupi ndi pano, ndipo nyanja yonseyi inatenga dzina la iyeyo. Palibe mudzi. Kumpoto kwake kuli siteshoni ya zanyengo ya boma la Norway kumene kumakhala anthu ochepa, osinthana pakapita miyezi. A Kaputeni anawaitana pa wailesi, ndipo liwu la mwamuna linayankha modekha, kutipatsa za mphepo ya masiku atatu akubwera. Sindinamve chinenero chawo koma ndinamva kuti a Kaputeni aseka, koyamba chichokereni ku Torsvåg. Akuti mphepo ibwerera kummwera.

Sitinatsike. Doko labwino palibe, ndipo mphepo yabwino siidikira munthu. Tadutsa chakumadzulo, kupewa madzi osaya a kummawa kumene mafunde amasokonezeka. Theka la ulendo latha.

Tsiku 10, 18 Julayi

Dzuwa latuluka maola atatu. Mabatire akwera, makina a madzi ayambanso. Tayanika masokosi pa waya. Zala ziwiri za kuphazi lamanzere sindikuzimva, Namwino wazifunditsa m'manja mwake ndipo akuti tizizionera tsiku lililonse.

Tsiku 11, 19 Julayi

Lero linali tsiku loipa m'mitima. Kutopa kwafika m'mafupa. Madala anachedwa kutuluka ndi mphindi 7, Namwino anawalankhula mokalipa, iwo anabweza, ndipo kwa maola anayi m'boti munali zii. Mphindi 7 kumtunda si kanthu, koma kuno ndi tulo ta mnzako. Pambuyo pake Madala anawiritsa madzi, kupanga tiyi, n'kumupatsira Namwino pa chitseko osanena kanthu. Iye analandira. Nkhani inathera pomwepo.

Usiku kunabwera uthenga wochokera kwa mkazi wanga. Akuti ndalama zafika pa majekete 260, ndipo ena mwa osonkha ndi amayi a mpingo wa kwathu amene anapereka za mtedza wawo. Anawonjezanso mawu a mwana wa achimwene, amene tsopano ali ndi zaka 19 ndipo ali pa chilimira cha munthu wina. Akuti, "Auzeni bambo aang'ono kuti anzanga akuti jekete imatentha ndipo imakola ukonde."

Mawu amenewa ndakhala nawo pankhafi usiku wonse, ndipo anyamatawo sakunama. Ndinaonapo majekete operekedwa ndi anthu akufuna kwabwino akusanduka mapilo, ena kugulitsidwa, ena kupachikidwa m'nyumba chifukwa ndi aakulu ngati matiresi, munthu sangakoke nawo chilimira. Palinso manyazi, oti wovala jekete ndi wamantha. Ineyo ndavala yanga masiku 11 osavula ndili panja, ndikupalasa maola 12 pa tsiku, ndipo yandinyula m'khosi mpaka kutuluka chilonda. Choncho sindidzapita pa doko ndi katoni n'kuyamba kulalikira. Tidzatenga mitundu iwiri kapena itatu, asodzi eni ake akayese pa ntchito, asankhe okha, kenako ndiye tigule yambiri. Ndipo oyamba kuvala akhale masiginala akuluakulu amene anyamata amawapatsa ulemu. Ndawalembera a komiti kuti tisagule kanthu ndisanafike.

Tsiku 12, 20 Julayi

Madala ndi amene anayamba kuona, atacheuka kuti awongole khosi. "Achimwene, tayang'anani." Kutsogolo kwathu, pansi pa mitambo, panali nsonga zakuthwa, zakuda ndi zoyera, zondondozana ngati mano a sowo. Spitsbergen, ndipo dzinalo limatanthauza mapiri osongoka. Tinagogoda chitseko cha anzathu ngakhale inali nthawi yawo yogona, ndipo palibe anadandaula.

Tadutsa Sørkapp, nsonga ya kummwera, patali ndithu chifukwa pafupi pali miyala ndi madzi othamanga. A Kaputeni atulutsa mfuti m'thumba lake losalowa madzi, pamodzi ndi kamfuti ka miyuni koopsezera. Ku Svalbard munthu satuluka kunja kwa tauni wopanda choopsezera chimbalangondo choyera, ndipo ulendo wathu tinaulembetsa kale ku ofesi ya bwanamkubwa. Nyamazi ndi zotetezedwa chiyambire 1973, kuombera ndi pokhapokha moyo uli pangozi ndipo njira zina zonse zakanika. Zimasambira mtunda wautali, ndipo boti lathu ndi lalifupi, m'mbali mwake mungakwere chilichonse. Tsopano wopalasa aliyense ali ndi ntchito yachiwiri, kuyang'ana madzi.

Tsiku 13, 21 Julayi

Tadutsa pakamwa pa Hornsund, fjord kapena kuti mkono wa nyanja wolowa pakati pa mapiri, kumene kuli siteshoni ya akatswiri a sayansi a ku Poland. M'katikati mwake munkaoneka mitsinje ya madzi oundana ikutsika pakati pa mapiri mpaka m'nyanja, kumapeto kwake kuli kobiriwira ngati galasi la botolo. Zidutswa zake zinatizungulira, zina ngati mbale, zina ngati ngolo. Tinachepetsa liwiro kuti tisaboole boti.

Chimene sindinayembekeze ndi phokoso lake. Zimathetheka, ngati nsomba mu chiwaya cha mafuta. Ndi mpweya umene unatsekeredwa m'kati kalekale ukutuluka pamene zikusungunuka. Ndinatola kachidutswa, koyera mbee, kodzaza timathovu, ndinakaika m'kamwa. Kanalibe mchere. Ndinaganiza za amayi, kuti ndidzawafotokozera bwanji.

A Kaputeni akuti bambo awo ankabwera kuno ali mnyamata, ndipo malo ena amene lero ndi madzi, nthawi imeneyo anali oundana. Svalbard ikutentha mofulumira kuposa madera ambiri a dziko lapansi. Ananena zimenezi akuyang'ana mapiri, nkhope ili ndwii, ngati munthu wonena za m'bale wodwala.

Tsiku 14, 22 Julayi

Bata. Tadutsa Bellsund. Chimbalangondo sitinachione, koma pagombe panali mphalapala za kuno, zazifupi miyendo, zikudya pakati pa miyala. Zilonda za pokhalira zafika poti ndimaluma mano ndikamakhala pa mpando. Zala za kuphazi zija zayamba kuyabwa, Namwino akuti ndi nkhani yabwino.

Tsiku 15, 23 Julayi

Milongoti ya Isfjord Radio, pa Kapp Linné, yaoneka masana. Takhota kulowa mu Isfjorden. Kumanja, m'kati mwa Grønfjorden, kunkaoneka nyumba za Barentsburg, tauni ya migodi ya malasha ya anthu a ku Russia. Svalbard ndi ya Norway, koma pangano la 1920 limalola nzika za mayiko amene anasaina kukhala ndi kugwira ntchito kuno.

Mphepo ikutuluka mu fjord kutiwomba kumsana, kutibweza. Makilomita 50 otsalawa akuoneka kuti atidya. Palibe akufuna kugona.

Tsiku 16, 24 Julayi

Tafika. 6 koloko m'mawa, titapalasa usiku wonse awiri nthawi imodzi, wina akuwongolera. Tinadutsa bwalo la ndege, ndipo pamwamba pake paphiri a Kaputeni anatilozera khomo la nkhokwe ija yosungira mbewu za dziko lonse, imene inatsegulidwa mu 2008. Kenako tinakhota kulowa mu Adventfjorden, nyumba zamitundumitundu n'kuonekera, ndi nsanamira zakale zonyamulira malasha zitandanda m'phiri.

Pa doko panali anthu osakwana khumi, ena ongodutsa. Nditaponda pa matabwa miyendo inakana, dziko linkayendabe, ndinagwada. Madala anandigwira mkono, nawonso akudzandira. Ndinapeza kuti dzanja langa likufunafuna pokola chingwe.

Longyearbyen, 25 Julayi

Ndagona maola 13. Kuno polowa m'nyumba zambiri, ngakhale zina za alendo, umavula nsapato pakhomo, mwambo wotsala kuyambira nthawi imene anthu ankabwera ndi fumbi la malasha. Tauniyi inatenga dzina la John Munro Longyear, wa ku America, amene kampani yake inayamba migodi kuno mu 1906. Ndayenda pang'ono ndi masokosi m'khonde, kugwira khoma. Zala za m'manja sizikuwongokabe, batani la malaya wandimangira ndi Namwino.

Majekete afika pa 331. Thumba likhala lotsegula mpaka kumapeto kwa Ogasiti, ndipo ine ndidzapita ku Nkhotakota mu Okutobala ndi oyesera aja.

Ndinaimba foni kumudzi. Amayi anafunsa ngati ndadya, kenako anafunsa za chingwe. Ndinati sindinamasule ngakhale kamodzi. Anati, "Chabwino," ndipo ndinamva akupatsira foni mdzukulu wawo.

"Bambo aang'ono, mwafika?"

"Ndafika, mwanawe. Kumeneko nyanja ili bwanji?"

Anati mwera ukuwomba, lero ndi tsiku lachinayi asanapite, ndipo eni chilimira ayamba kunena kuti mawa usiku ayesa, poti usipa wakwera mtengo. Ndinamupempha kuti adikire mphepo igwe, ndipo ndinati ndalama ya masiku amenewo nditumiza ine madzulo ano. Anakhala kaye chete. Kenako anati jekete yakeyo ndidzamusankhire yopanda zingwe zolendewera, komanso ikhale ndi wezulo, chifukwa usiku munthu saoneka koma amamveka.

Ndalemba zimenezo pa tsamba loyamba la kabuku kanga, ndi zilembo zokhota chifukwa cholembera sichikugwirika bwino.